Zipolopolo za M'bokosi Lobiriwira

Pa famu yonse wololedwa kugwira mfuti anali Kamodzi yekha, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Dzinalo anadzipatsa yekha, poti akuti nyama ankaiwombera kamodzi basi. Anthu analivomera chifukwa linali lalifupi kuposa nkhani zake.

Lachitatu m'mawa mbusa wa ng'ombe zamkaka, mkulu waimvi wosalankhulalankhula, anafika chipewa chili m'manja. Ng'ombe yake yokalamba inali itagwera m'dzenje lakale lokumbamo miyala, n'kutsakamira pathanthwe pakati pa phompho, miyendo yakumbuyo itathyoka. Munthu sakanatsikako. Chotsala chinali kuipumitsa, kuwombera kuchokera tsidya lina la dzenjelo, mapazi zana ndi theka.

"Isavutike, bambo," anatero mbusayo. "Ndinailera ndi botolo imeneyi."

"Simva n'komwe, madala. Mwabwera kwa mwini ntchito."

Wosunga makiyi a sitolo ya pa famupo anali mlamu wake wa Kamodzi. Kamodzi atapita kukatenga zipolopolo, mlamuyo anaika patebulo bokosi lobiriwira.

"Zofiira zija zatha, alamu. Zabwera izi."

"Zikulowa mu mfuti?"

"Bwinobwino. Koma nyamulani mumve, n'zolemera. Cholemera chimayenda mwaulesi, chimagwa msanga. Kagalasi kanu kolozera kaja munakatchera pa zofiira. Yambani mwayesa pathabwa, zitatu zokha."

"Alamu, inu ntchito yanu ndi makiyi. Ine zaka makumi awiri ndi mfuti, lero ndikaphunzire pathabwa anthu akuona?"

"Ine ndangowerenga pabokosipa."

"Muziwerenga. Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wowerenga mabokosi."

Kunena zoona, Kamodzi ankadziwa kuti mlamu wakeyo sakunama. Mtundu uliwonse wa chipolopolo uli ndi njira yake, ngakhale mfuti ndi diso zikhale zomwezo. Zikabwera zachilendo ankaziyesa ndithu, koma Lamlungu, kuseri kwa phiri, kopanda mboni. Lero panja panali okama mkaka, oyendetsa thalakitala ndi amayi a kukhitchini, onse akudikira kuona katswiri.

Atafika m'mphepete mwa dzenjelo anayala thumba, nagona chafufumimba. Ananyowetsa chala n'kuchikweza kuti amve mphepo, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Kutsidya ng'ombe ija inali itagonetsa mutu kuseri kwa mwala.

"Madala, iitaneni idzutse mutu."

Mbusa anaimba mluzu womwe ankaimba madzulo aliwonse potsekera ng'ombe. Mutu unadzuka pang'onopang'ono, makutu akusaka mwini wake. Kamodzi anaika kamtanda ka m'galasi pakati pa diso ndi khutu, anabweza mpweya, nakoka.

Chipolopolo chinapita kumene kulemera kwake kunachitengera, chikhatho chimodzi pansi pa pamene iye analoza. Chinaphwanya nsagwada.

Kulira kumene kunatuluka m'dzenjemo sikunali kwa ng'ombe monga anthu amaidziwira. Mayi wina anatseka makutu. Palibe anaseka, ndipo Kamodzi akanakonda akanaseka. Anatchera china mothamanga, anakweza mfuti mongoyerekeza, nakoka. Fumbi linabuka pathanthwe pamwamba pa nyanga. Ng'ombe inabisanso mutu, miyendo yakutsogolo ikupalasa miyala.

Mlamu wake anagwada pafupi, nalankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mukuona banga loyera ilo pakhoma la dzenje, kumanja kwa ng'ombe? Mtunda ndi womwewo. Lasani pamenepo tione."

Kamodzi sanamuyang'ane. Analoza pabangapo, nakoka. Chipolopolo chinagwa chikhatho chimodzi pansi, zala ziwiri kumanja. Chachiwiri chinagwa pomwepo, ngati zinapangana. Anapotokola tizitsulo tapagalasi, akuwerenga chamumtima. Chachitatu chinalowa pakati pa banga. Zonsezi zinatenga mphindi zisanu, ndipo ng'ombe inazimva zonse zisanu.

"Madala," anatero, mawu atachepa. "Iitaneninso."

Mbusa anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiinamizenso?"

"Popanda mutu sindingathe."

Mkuluyo anakunga milomo, koma munangotuluka mpweya. Anameza malovu, anapukuta pakamwa ndi chipewa, nayesanso. Mluzu unamveka wosweka. Kamodzi, diso lili pagalasi, anapezeka akulakalaka kuti nyamayo ichenjere, ikane. Koma zaka khumi ndi zitatu za kuitanidwa madzulo sizitha ndi chipolopolo chimodzi. Mutu unadzuka, magazi akuchucha, makutu akusakabe.

Anakoka. Mutu unagwa, miyendo inaleka kupalasa.

Anthu anabalalika awiriawiri. Kamodzi anatola makoko asanu ndi limodzi a zipolopolo, akali otentha, naika m'thumba. Anayamba kufotokoza kuti opanga zinthu masiku ano sasamala, koma womvera anali mlamu wake yekha, amene ankayang'ana kwina.

Madzulo ake mbusa anatsekera ng'ombe zinazo ndi ndodo basi, popanda mluzu. Zinavuta kulowa m'khola, ndipo anamaliza mochedwa.