Nkhata ya Zefaniya

Zefaniya anamuika ngati nyama yowola. Anamukulunga m'chipulasitiki, omunyamula atavala zoyera mpaka kumaso, abale ataimitsidwa patali. Mkazi wake Rosta anaonera pafoni, ali kunja kwa dziko, m'kachipinda ka wantchito ku Al Garhoud.

Atapempha kuti apite kwawo ku Phalombe akalire, abwana anati, "Inshallah, korona ikatha. Nanga anawa awasamala ndani?"

Abwanawo ankagulitsa zithunzi zakale. Pabalaza panali chimodzi chimene ankachinyadira kuposa ana awo: phiri la Mulanje, lojambulidwa ndi mzungu wina m'ma 1890, lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Rosta ankalidziwa phirilo. M'munsi mwake ndi momwe muli manda a kwawo.

Wamasiye wanji wosaika nkhata? Anathyola maluwa a pakhonde, n'kuwaluka, n'kuwakoloweka pamwamba pa chithunzicho. Abwana anali atadzitsekera kuchipinda ndi chifuwa, ndiye panalibe womufunsa. M'mawa uliwonse ankawaza madzi kuti maluwa asafote. Madziwo anayenderera kuseri kwa galasi, n'kudya nsonga ya phiri.

Abwana atachira anafuula ngati apsa.

"Ukudziwa chimene wawononga iwe? Ona mmene wojambulayo anadikirira kuwala, nkhungu itagona pathanthwepa! Ndi luso ili! Ndi umboninso: dziko lisanadzalidwe tiyi, lopanda msewu, lopanda munthu."

"Lopanda munthu?" anatero Rosta. "Nanga timadontho iti pansipa?"

"Onyamula katundu. Anawaimika dala kuti phiri lioneke kukula."

"Mayina awo?"

"Ndani akanalemba zimenezo?"

"Ndiye umboni wanuwo ngwabodza, bwana. Ankangofuna mwala. Amuna anga agona pomwepa, pamene mwalozapo chalapo."

Abwana anaimbira foni wokonza zithunzi wa ku Al Quoz. Munthuyo anabwera tsiku lomwelo, atavala magolovesi. Anachifunditsa nsalu yofewa chithunzicho, n'kuchinyamula ndi manja awiri pang'onopang'ono, abwana akutsatira pambuyo mpaka pagalimoto. Rosta anaimirira pakhomo akuyang'ana. Pepala likuperekezedwa chonchi!

Atabwerera, abwana sanamuyang'ane kumaso.

"Khalas, zatha. Longedza. Tikiti ndikudulira ya mawa."

"Ana aja apeza wowasamala?"

Abwana analowa kuchipinda kwawo.

Rosta anakalongedza. Ntchito yatha, ana ake atatu kumudzi adya chiyani, sankadziwa. Koma misozi imene anaiumiriza kukhala m'mimba miyezi yonseyi inayamba kukwera, ndipo anaikaniza. Osati muno. Ikagwere padothi la Zefaniya.