Matope a ku Dziwe Lofunda

Alufeyo anachira khate mu 1958, koma matendawo anamusiyira mapazi osamva kanthu. Akaponda munga sankadziwa. N'chifukwa chake tsiku ndi tsiku mkazi wake Sabina ankamukhazika pakhonde, n'kumutsuka mapazi, kusuzumira pakati pa zala ndi kumudzoza mafuta. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha popanda chilonda.

Mu Okutobala wa 1967 mwana wawo Ethel anabereka ku Golomoti, ndipo Sabina anakwera sitima pa Mtakataka kukamuthandiza.

Alufeyo anatsala ndi nyamakazi yake. Maondo ankamuphwanya moti akalima mizere isanu ankakhala pansi. Izi zinkamuwawa mumtima, poti chaka chilichonse munda ankaumaliza ndi Sabina yekha.

Tsiku lina mnzake Kassimu, wogulitsa usipa wouma, anamupeza atakhala pachulu khasu lili pambali.

"Achimwene, bwanji osapita ku dziwe lija la m'tsinde mwa phiri? Madzi ake amatuluka pansi ali ofunda ngati ophitsa. Amalume anga anamata matope ake m'maondo, lero akupalasa njinga."

Alufeyo anapita masiku atatu otsatizana. Kudziweko kunali anthu ambiri, ena a msana, ena a mphere, ena a zilonda zakale. Cha kumunsi ng'ombe zinkamwa. Alufeyo ankavula nsapato, kumiza miyendo m'matope akudawo mpaka m'maondo, n'kukhala mpaka dzuwa litapendeka. Maondo anapepukadi. Koma kuchidendene kunali mng'alu umene iye sanaumve.

Sabina anabwera patatha masabata awiri. Anapeza mizere yafika pakati pa munda, koma mwiniwake ali chigonere pamphasa, akunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ndi malungo chabe, amake Ethel. Mwauona munda?"

Sabina anagwada n'kuvundukula nsalu. Phazi lamanzere linali litatupa mpaka kunyezimira, chidendene chikuchucha mafinya, kufiira kutakwera kufika pakatumba.

"Mwaponda kuti?"

Alufeyo anafotokoza zonse, maso ali kudenga. "Ndimafuna mudzapeze ntchito yatha. Mwandilimira zaka zambiri."

"Ndinadandaulapo kwa yani?" Sabina anamugwira pamphumi kanthawi, kenako anatuluka kukabwereka ngolo.

Kuchipatala cha mishoni anawalandira Felix, mwamuna wofatsa amene ankatsuka zilonda. Atamva za dziwelo anapukusa mutu.

"Ndinu wachitatu chaka chino, abambo. Madzi ofunda amakomera ife, amakomeranso tizilombo tosaoneka ndi maso. Mmenemo timaswana kwambiri. Khungu likakhala lathunthu mwina mupulumuka, koma pakakhala kabala, talowa."

Anachotsa mnofu wowola ndi kuyamba kumubaya jakisoni wa penisilini. Kwa masiku anayi palibe ankadziwa ngati mwendowo utsala. Sabina anayala mphasa pafupi ndi bedi. Ankamumwetsa phala ndi supuni, ndipo thupi likatentha ankamuyika nsalu yonyowa pakhosi uku akung'ung'uza nyimbo za kutchalitchi.

Tsiku lachisanu Felix anamasula bandeji, anayang'anitsitsa, n'kumwetulira. Kufiira kunali kutatsika.

Kassimu anabwera Loweruka ndi chambo chowamba chokulunga m'pepala. Anaima pakhomo la wodi, kulephera kulowa.

"Lowani," anatero Sabina. "Inunso munkafuna achire. Koma amalume anuwo mukawauze, aone kaye m'mapazi."

Kassimu anakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo amuna awiriwo anadya nsombayo.

Alufeyo ndi Sabina anatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Disembala. Chidendene chinapola chitalowa m'kati, ndipo kuyambira pamenepo Alufeyo ankayenda motsimphina. Ngolo anaikana, nati akufuna kuyesa mwendo. Ulendo wa ola limodzi unawatengera m'mawa wonse. Anapuma katatu. Kachitatu anapumira pansi pa mtengo wa mango, ndipo Sabina anatola awiri akupsa, napukuta limodzi ndi chitenje n'kumupatsa.

"Tikangodya tinyamuke," anatero.

Koma atatha kudya palibe anadzuka msanga.