Madzi Oyera, Botolo Lakuda

Mwana anayambanso kutsegula m'mimba Lachiwiri m'mawa, kachitatu m'miyezi iwiri. Anali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo kadiresi komwe kankamuthina mvula itangoyamba tsopano kankangolendewera m'mapewa. Mayi ake anachapa nsalu, anatsuka kapu ya mwanayo ndi sopo kawiri, kenako anakhala pakhonde kudikira mawu omwe ankadziwa kuti abwera.

Anabwera nawo apongozi ake.

"Ine ana asanu ndinalera popanda zoterezi," anatero gogoyo akuyang'ana nsalu pachingwe. "Mwana amadwala uve wa amake. M'manjamo umasamba iwe?"

"Ndimasamba, amayi."

"Kusamba kwa masiku ano, kongonyowetsa nsonga za zala."

Mayiyo anayang'ana manja ake. Mwamuna wake, mmisiri womanga nyumba, anali pomwepo akupukuta chipande chake cha simenti ngati sakumva. Pakhomopo aliyense ankaloledwa kukayikiridwa kupatula chitsime. Chitsimecho anakumba yekha mmisiriyo, mamita asanu ndi awiri, n'kuchimangira njerwa zowotcha. Madzi ake ankayera mbee, moti ukaponya singano m'ndowa unkaiona pansi. Mlendo aliyense ankamwetsedwa kapu imodzi, kaya ali ndi ludzu kaya alibe.

Kuchipatala anamupatsa mwanayo mankhwala ndi timapaketi tosungunula m'madzi. Wa zaumoyo anafunsa komwe amatunga, ndipo atamva analemba m'buku. Anati m'dera lawo mukuyenda katswiri woyeza madzi a pansi pa nthaka, ndipo amuuza kuti adzafike.

Katswiriyo anafika Lachisanu dzuwa litakwera pang'ono. Anali mayi wamfupi wa imvi, wovala jombo zamatope, atanyamula kabokosi ka mabotolo ndi tepi yaitali yokulunga pagudumu. Anthu ankangomutcha Mayi Mabotolo. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ntchito yake inali imeneyi: kudziwa kuti pansi pali madzi ochuluka bwanji, akulowera kuti, ndipo anyamula chiyani.

Mmisiri anathamangira kapu.

"Yambani mwalawa, mayi. Mukatero ntchito yanu ichepa."

"Zikomo, bambo, koma ine ndimamwa botolo likandiloleza."

Anatsitsa tepi m'chitsime. Nsonga yake itakhudza madzi inalira ngati mwanapiye, ndipo iye analemba nambala. Anali atayeza kale zitsime ziwiri, china kumtunda kwa telala, china kumunsi kwa wogulitsa makala. Kenako anafunsa komwe kuli chimbudzi. Mmisiri analoza kuseri kwa nyumba, chakumtunda. Mayi Mabotolo anayenda akuwerenga mapazi. Anakwana khumi ndi limodzi.

"Ndinachiika uko dala," anatero mmisiri. "Mphepo imatengera fungo kutali ndi khomo."

"Mphuno munaiganizira. Mimba munaiiwala. Dzenje lake ndi lakuya bwanji?"

"Mamita asanu. Limenelo silidzadza lero kapena mawa."

Katswiriyo anatola kamtengo n'kujambula pansi. Anati madzi a pansi pa nthaka sakhala malo amodzi ngati a mumtsuko. Amayenda pang'onopang'ono m'mipata ya mchenga ndi miyala, kuchoka komwe ali pamwamba kupita komwe ali pansi. Tepi yake inaonetsa kuti pamalopo ankachokera kwa telala, kudutsa pansi pa chimbudzi, n'kufika pachitsime. Nthawi ya mvula ankakwera mpaka kutsala mamita anayi kuti afike pamwamba.

"Dzenje lanu ndi mamita asanu. Werengani nokha, ndinu mmisiri."

Mmisiri anawerenga, nkhope yake inasintha, koma sanafune kugonja.

"Koma madziwa ndi oyera, mayi. Taonani nokha."

"Mawu amenewo ndi omwe andimeretsa imvizi," anatero Mayi Mabotolo. "Madzi ooneka mpaka pansi timati oyera. Madzi opanda matenda timatinso oyera. Liwu limodzi, zinthu ziwiri. Nditangoyamba ntchito, nanenso ndinavomereza chitsime china ndi maso, chifukwa mabotolo anali atandithera. Patatha milungu itatu ana a pamenepo anadzaza chipatala. Kuyambira tsiku limenelo maso anga ndinawachotsa ntchito."

Anatulutsa kabotolo kokhala ndi kapepala ka mankhwala m'kati. Anati akathiramo madzi n'kukasiya masiku awiri, ngati muli tizilombo tochokera ku chimbudzi, madziwo ada.

Apongozi anaseka chamumtima. "Yezani, koma vuto si chitsime. Vuto lili m'manja mwa wina pano."

Apa mayi wa mwana anaimirira. Kwa miyezi iwiri anali atameza mawu ambiri, ndipo anaona kuti akameza awanso amutsamwa.

"Mayi, muli ndi botolo lachiwiri?"

"Ndili nalo."

"Ndiye tiyeze zonse. M'botolo loyamba athiremo bambo a mwanayu ndi manja awo, madzi ochokera m'chitsime. Ine ndipita kumjigo wa kusukulu ndi ndowa yanga, nditunge, ndithire m'kapu ya mwana ndi manja anga omwewa, ndiye mutengepo achiwiri. Ngati uve ndi wanga, uoneke."

Mayi Mabotolo anamuyang'ana kwa kanthawi. "Mukanabwera ku ofesi kwathu, ntchito mukanaipeza."

Anachita momwemo. Pa botolo lina analemba "chitsime", pa lina "kapu". Kuti pasakhale wonena kuti wina wachita chinyengo, mabotolo onse anawapereka kwa apongozi, ndipo gogoyo anawatsekera m'kabati yake n'kumangirira kiyi kunsonga ya mpango. Asanachoke, katswiriyo analamula kuti pakhomopo pasamwedwe madzi a m'chitsime mpaka yankho litadziwika. Azitunga kumjigo, aziwiritsa kapena kuthira klorini, n'kusunga mu chidebe chovindikira.

Lamulungu masana Mayi Mabotolo anabweranso, ndipo gogo anatsegula kabati onse akuona. Botolo la "kapu" linali monga analisiyira. La "chitsime" linali bii ngati madzi otsukira makala. Atalitsegula pang'ono, m'chipindamo munamveka fungo la dzira lovunda.

Mmisiri anatenga botololo, analiyang'anitsa kuwindo, analitembenuza, ngati kuti kumbuyo kwake kungakhale koyera.

"Ndiye makapu onse aja ndinkamwetsa alendo..." anayamba, koma sanamalize.

Mayi wa mwana anali atakonza mawu ambiri a tsiku limeneli. Anangonena ochepa.

"Amayi, manja anga aja ndi awa."

Gogo anamasula kiyi kumpango, anaimanganso. "Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. Kenako anatembenukira mwana wake, mmisiri uja. "Iwe, ukuimiranji? Piki ili kuti?"

Mayi Mabotolo anawatengera panja n'kuwaonetsa malo. Chimbudzi chatsopano chinayenera kukhala kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita makumi atatu, ndipo dzenje lake lisayandikire pomwe madzi amafika nthawi ya mvula. Malo otere anapezeka kumapeto kwa puloti, kuseri kwa dimba. Chifukwa wogulitsa makala anali kumunsi kwawo, anayezanso mtunda wokafika pachitsime chake, kuti vuto lisangosamukira kwa mnzawo. Dzenje lakale anati alikwirire. Chitsime achiikire chivindikiro, achizungulize simenti yotsetsereka, ndipo ndowa yotungira isamagone pansi.

"Chinanso," anatero akutsegula buku lake lakale lothimbirira. "Zitsime za kuno ndaziyeza zaka zambiri, ndipo nthawi ya chilimwe madzi akutsika chaka ndi chaka. Omwe mumatunga ndi mvula yomwe inalowa pansi. Musawake simenti bwalo lonse, bambo, ngakhale ndi luso lanu. Siyani poti mvula izilowera, ndipo mitengo iyi isadulidwe."

Mmisiri anagwira ntchitoyo masiku asanu ndi anayi. Telala ankadutsa n'kumamuseka kuti wayamba kusamutsa zimbudzi ngati mbuzi, mpaka tsiku lomwe botolo la kwa iyenso linada. Chitsime sichinachire msanga. Patatha mwezi anayeza, botolo linadabe, ndipo mayi wa mwana anapitiriza kuyenda ulendo wa kumjigo m'mawa uliwonse. Koma tsopano apongozi ndi omwe ankatsala ndi mdzukulu, ndipo ankawiritsa okha madzi ake akumwa.

M'mwezi wachinayi botolo linakhala masiku awiri osasintha. Analibwereza, linakhalanso chimodzimodzi. Mwana anali asanadwalenso kuyambira Lachisanu lija, ndipo kadiresi kaja kanali katayambanso kumuthina.

Tsiku limenelo mmisiri anatunga madzi, anathiramo klorini monga anaphunzitsidwa, anadikira, kenako anapereka kapu kwa Mayi Mabotolo ndi manja awiri.

"Lero mumwa, mayi?"

"Lero botolo landiloleza," anatero, n'kumwa mpaka pansi.

Kuyambira pamenepo, munthu akamuitana kuti amukumbire chimbudzi, mmisiriyo amayamba wafunsa komwe kuli chitsime, n'kuwerenga mapazi asanagwire piki. Mkazi wake naye amauza aliyense wobwera kudzatunga zomwe anaphunzira: madzi kuoneka oyera sikutanthauza kuti ndi abwino kumwa. Chimbudzi chikhale kumunsi ndiponso kutali ndi chitsime. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo chitsime chiziyezedwa ndi odziwa. Ndipo mwana akadwala, musathamangire kuloza chala mayi ake. Yambani mwafunsa madzi.