Anthu Osaona a M'kashedi ka Bambo

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo, anali atapanira chiboliboli pakati pa mawondo, utuchi uli mbuu mpaka m'nsidze. Ine ndinaima pakhomo la kashedi kawo ndi chikwama kumsana, pa ulendo wokasaka ganyu, koleji nditaisiyira panjira.

"A Pulofesa, mukunditchinga kuwala," anatero osadzutsa mutu. "Lowani kapena pitani."

Ndinapita. Sabata isanathe mlongo wanga anaimba foni kuti bambo agwa pabenchi pomwepo, tchizulo ili m'manja.

Bambo ankasema anthu a mumsewu mwathu: telala atawerama pa makina, mayi wosenza beseni, chidakwa chitakumbatira pholo la magetsi. Koma anali ndi kachitidwe kawokawo. Chiboliboli ankachimaliza chonse, kuchikwecha ndi sandipepa, kuchipaka polishi, maso okha ayi. Maso ankaboola tsiku limene wogula wabwera, mwiniwakeyo ali chiimire. "Chikangoona chimayamba kufuna kuchoka," ankatero. "Ndichipatsirenji maso chikadali changa?" Amayi ankati umenewo ndi ulesi wovala jekete.

Maliro atatha tinatsegula kashedi. Mashelufu onse anali thothotho ndi anthu osaona.

Kunabwera Mayi Magalasi, eni shopu ya alendo amene ankatenga katundu wa bambo zaka zonsezi. Anapepesa bwinobwino, msozi anagwetsako, kenako anayamba kutembenuza ziboliboli ngati akusankha tomato.

"Zopanda maso sindingatenge, mayi. Alendo amaziopa." Anandisuzumira pamwamba pa magalasi awo. "Iwe sunkaonerako? Timaso tiwiri basi. Dzina likhala la bambo ako. Adziwe ndani?"

"Ine ndidziwa."

"Ndiye tizidya kudziwa kwakoko?" anatero amayi, osakweza mawu. "Mlongo wakoyu ali pasukulu. Wosiyira panjira m'nyumba muno mmodzi wakwana."

Ndinangopempha kuti chimodzi chitsale mmene anachisiyira bambo, osachikhudza, kuti m'nyumba mukhale kanthu ka manja awo okha. Ndinasankha chidakwa chija, poti pochisema ankaseka okha mpaka kutsokomola. Ndinachiika pawindo, n'kukhala pabenchi pawo.

Bambo diso ankaboola kamodzi, kungopotoza dzanja basi. Ine ndinkayeza ndi rula, kulemba ndi pensulo, kenako kuboola mwamantha. Maso ankatuluka ofanana, ozungulira, otong'oka. Mlongo wanga atabweretsa tiyi anayang'ana shelufu yoyamba, n'kugwira pakamwa.

"Achimwene, anthu onsewa aona ngozi imodzi?"

Tinaseka, koyamba chichitikire maliro. Amayi anatimva ali kukhitchini, koma sanabwere kudzafunsa.

Masiku akupita, dzanja linazolowera. Rula ndinaitaya. Ndinkangotambasula mkono, kutenga, kupanira, kupotoza, kuuzira utuchi, kutenga china. Ndinadana nako kufulumirako, koma mashelufu ankayamba kundiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo pang'ono pokha ndinkamva kukoma.

Tsiku lomaliza, kuwala kwa dzuwa kukulowera pakhomo, ndinauzira utuchi pankhope ina n'kuona pholo la magetsi. Chidakwa chija chinali pakati pa mawondo anga, diso limodzi lili pyee. Mlongo wanga posesa m'mawa anachibwezera pashelufu kuti chisagwe ndi mphepo, ine n'kuchitenga osayang'ana.

Ndinakuwa. Anabwera onse awiri, mlongo wanga akulira kale.

"Pepani achimwene, ndimati ndikuchisamala."

Amayi anachisisita pamutu ndi chala, mmene ankachotsera utuchi m'tsitsi la bambo.

"Maliza, mwanangu. Munthu sasiyidwa ndi diso limodzi."

Ndinamaliza. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti maso amenewo ndi amene anatuluka bwino kuposa onse: ofooka, amanyazi, oseka pang'ono. Ndikanatha kuchisunga, palibe akanandiletsa. Koma sichinalinso cha bambo, ndipo changa sichinali.

Mayi Magalasi atafika ndi galimoto, anachitola choyambirira.

"Mwaona? Awa ndiye manja a malemu enieni. Izi siziphunzirika."

Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinathandiza Mayi Magalasi kukulunga ziboliboli m'manyuzi, chimodzichimodzi, mpaka mashelufu anatsala ndi timabwalo topanda fumbi pamene panali mapazi. Galimoto inanyamuka tisanadye chamasana.

Linali Lachitatu, pa 9 Ogasiti.