Achimwene M'kagalimoto ka Limoti

Chilotereni malotowa Lachinayi masana, kagalimoto kanga ka limoti sindinakakhudzenso, ngakhale mpikisano wathu wothamangitsa timagalimototi uli Loweruka.

Ndinalota ndikukamanga pamkeka. Timasikuluwu tinkandiwotcha zala ngati makala, ndipo mafuta a m'masipuling'i ankanunkha ngati kuchipatala. Nditangomanga tayala lomaliza, ndinapezeka ndili pabwalo la mpikisano, anthu atazungulira koma onse atandifulatira.

Ndinadina batani, kagalimoto kanaliyatsa liwiro. Kakudumpha chulu choyamba, ndinamva mawu kuchokera m'katimo: "Iwe Dalitso, chepetsa!"

Anali achimwene anga a Yohane, amene amayendetsa thiraki yopita ku Beira. Anali atachepa ngati chala, atagwira denga ndi manja awiri, poti m'katimo mulibe chiwongolero.

"Achimwene, tsikani!"

"Nditsika bwanji? Ukuyendetsa ndiwe!"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Limoti inali itasanduka sopo wonyowa, wotererera uku ndi uku. Kutsogolo njira inathera paphompho, ndipo miyendo yanga inali itamira m'dothi lofiira mpaka m'mawondo. Ndinati ndikuwe, koma m'kamwa munangotuluka fumbi. Matayala anasiya nthaka akuzungulirabe, kenako kunangoti zii.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, n'kuwaimbira foni achimwene. Anaseka. "Iwe, zidole zakozo zakulowa m'mutu. Ndili pa boda, ndinyamuka mawa."

Kaya ndi mantha a mpikisano chabe, kaya pali china, sindikudziwa. Koma asanadule foni anati, "Mabuleki okha ndi amene akundivutako pang'ono."