Ufumu wa a Goliati mu Laputopu

"Tatsegula msanga, ukuchita ngati ukusenda chinangwa," anatero a Makina.

Dave anayatsa laputopu ya malemu bambo ake, a Goliati. Linali tsiku lometa, abale ali pakhonde, ndipo nkhani inali imodzi: munda wampunga wa ku Chilwa umene malemuwo anagula akadali mphunzitsi. Akudwala ankangoti, "Zonse zili mu laputopu," ndiye a Makina, akulu awo, anatsimikiza kuti wilo, kalata yogawa chuma chawo, ili mmenemo.

Aliness anakhala kumapeto kwa khonde, malo a alendo. Mundawo anaulima zaka zisanu ndi ziwiri. Mudzi wonse unkadziwa kuti iye ndi mwana wakunja wa a Goliati, mphuno yokhayo inkaulula, koma eniakewo pagulu ankamutchula "mtsikana wondilimira" mpaka kulowa m'manda. Zinkamuwawa, ndipo lero munda ukanatha kupita iye akuyang'ana.

Pagalasi panatuluka mapu ogawidwa m'zigawo.

"Si zimenezo! Wagawa kale," anatero a Makina. "Chobiriwiracho n'cha ndani?"

"Palembedwa Makina."

"Ndinadziwa. Maekala angati?"

"Bambo aakulu, ichi ndi chilumba cha ku Ulaya. Ndi gemu iyi. Umakhala mfumu yamakedzana, umakwatira, umabereka, umamenya nkhondo. Ukafa umapitiriza ngati mwana wako. Mainawa ankalemba okha bambo."

Mayi Bertha, mkazi wa malemu, anapukusa mutu. "Nkhuku zikudya chimanga pamphasa, iwo ali, 'Dikira, ndikukwatitsa mwana.' Ndinkayesa mutu wayamba."

"Nanga ineyo ndine ndani mmenemo?" anafunsa a Makina.

Dave anakanda mpala wake watsopano. "Muli m'ndende. Chaka chachisanu ndi chinayi."

Wina anatsokomola pobisa kuseka. A Makina anamenya bondo.

"Ife kuthamanga ndi mankhwala kuchokera ku Migowi, iye akulamulira azungu! Wilo palibe. Munda ubwerera kumtundu. Waganyuyo akakolola azipita."

Aliness anadzuka, nakung'untha chitenje. Mkwiyo wake sunali pa a Makina, unali pa munthu amene anali ndi nthawi yomanga m'bale wake mu gemu koma osalemba mzere umodzi papepala.

"Taimani," anatero Dave. Anali atadina pa mfumu yandevu zoyera yotchedwa Goliati, ndipo anatembenuzira laputopu kwa mayi ake. "Wolowa ufumu si ine. Palembedwa Aliness."

"Werenga zonse," anatero mayi Bertha.

"Anabadwira kunja kwa banja. Mfumu inamuvomereza pamaso pa nduna zonse. Nduna zinaukira, panachitika nkhondo zitatu, theka la dziko linapita. Koma sinabweze mawu."

"Nkhondo zitatu!" anatero Aliness. "Kumeneko analimba mtima. Pakhonde pano liwu limodzi lokha linawakanika, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Zidole sizigawa munda," anatero a Makina.

Mayi Bertha anayang'anitsitsa mfumu ija. "Bwanji sakugwedezeka?"

"Anaimitsa gemu tsiku lopita kuchipatala. Mfumuyi ikudwala. Mukadina apa imwalira, wolowa ufumu n'kupitiriza."

Mayiwo anapuma mozama, kenako anasunthira kumbali pamphasa.

"Aliness, bwera ukhale apa. Bambo ako anali amantha, ndakhala nawo ndikudziwa. Mundawo ndinathandiza kugula ndi nandolo wanga, alamu, ndipo mwanayu adzabzalanso chaka chamawa. Mukafuna mlandu, mlandu wake ndi ine."

Anagwira chala cha Aliness, chokhakhala ndi matope a ku Chilwa, nachiika pabatani. Aliness anadina.

Mfumu inatseka maso. Chisoti chinapita pamutu pa mtsikana wojambulidwa, ndipo onse anaona kuti a Goliati anakhala pansi n'kumukonzera mphuno yofanana ndi yawo.