Maselo a M'mbale Yachisanu ndi Chiwiri

Nguyet ankapukuta makapu a tiyi limodzilimodzi, ngakhale onse anali atauma kale. Kuseri kwa khoma, m'labotale momwe ankagwira ntchito mumzinda wa Hue, anzake ankakuwa ngati timu yawo yagoletsa chigoli.

"Masiku makumi anayi, adakali moyo!" anafuula Khoa, mkulu wa gulu lawo, akulowa ndi paketi ya maswiti a chitowe. "Iwe mlongo, ukufuna makapuwo abooke? Tiye ukaone!"

Kwa chaka chathunthu gululo linkayesa kusunga maselo oteteza thupi, aja timati asilikali, otengedwa m'magazi a anthu, m'timbale tagalasi. M'thupi, maselowa amakhala ndi moyo chifukwa amalandira puloteni ina yonyamula uthenga wakuti, "Musafe, mukufunikabe." Iwo ankathira puloteniyo tsiku lililonse, monga linanenera pepala la malangizo limene Khoa analemba. Komabe maselo ankatha pasanathe milungu itatu. Mbale yachisanu ndi chiwiri yokha ndiyo inakana kufa.

Nguyet ndi Khoa atalowa m'labotale, Aphunzitsi Diem, mwini kafukufukuyo, anachotsa maso pa maikulosikopu akumwetulira mpaka magalasi awo kutsetsereka.

"Ali mbwee! Khoa, mwana wanga, pepala lako lagwira ntchito. Mawa titenge magazi onse otsala aja, tichite chimodzimodzi."

"Ndinkanena ine!" anatero Khoa akudziguguda pachifuwa. "Maselo ali ngati alendo a paukwati, ukawapatsa zambiri sachoka."

Onse anaseka, kupatula Nguyet. Magaziwo anali omaliza. Anthu anayi amene anawapereka sakanaitanidwanso. Ndipo mbale ija ankaisamalira ndi iyeyo. Mlungu woyamba anaona kuti maselo akamwetsedwa puloteni mosalekeza ankatupa, kenako n'kufa ngati atopa ndi kuitanidwa. Choncho anayamba kuwapatsa tsiku limodzi, mawa lake n'kuwasinthira madzi opanda kanthu kuti apume. Sanauze munthu. Wamng'ono ngati iye, wongolembedwa ntchito chaka chatha, asinthe pepala la mkulu wake?

Khoa anamupatsa switi. "Idya, iwe wosalankhula. Kapena ukudikira chilolezo?"

Nguyet anayang'ana firiji momwe munali magazi aja. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Aphunzitsi, musachite chimodzimodzi. Afa onse."

Nguyet anatembenukira kwa Khoa.

"Pepani achimwene, pepala lanu sindinalitsatire. Ndinkawapatsa lero, mawa ayi. Maselowa amafuna uthengawo, koma amafunanso kupuma. Masiku onse ndinalemba m'kope langa."

Khoa anasiya kutafuna. Aphunzitsi Diem anakankha magalasi awo m'mwamba, nayang'ana Nguyet, kenako anamukokera mpando umene unali pambali pawo.

"Thamanga ukatenge kopelo. Khoa, pukuta bolodi."